Mlongo wanga telala ndi lamba wa makina ake

Mlongo wanga, chitsirizira m'mimba mwa amayi, anabadwa pa 3 Ogasiti 1961, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsikulo ndinalilemba kumbuyo kwa kope la masamu, ndipo kuyambira pamenepo sindinasiye. Ndinaphunzitsa sukulu mpaka kupuma, makope akungochuluka. Abale amandiseka kuti ngakhale nkhuku ikatsokomola ndimailembera deti.

Iyeyu anakula n'kukhala telala. Shopu yake ndi kachipinda kamodzi pakati pa wometa ndi wokonza mawotchi: makina opalasa ndi mapazi, benchi la makasitomala, galasi long'aluka pakona ndi wailesi yopachika pamsomali. Manja ake ndi odala. Kolala akaisoka imaima ngati msilikali.

Koma kuyambira Meyi 1980 anali ndi nyengo zake. Nthawi zina ankagona choyang'ana kukhoma milungu yathunthu, osasamba, osadya, akuti iye ndi munthu wachabechabe. Zikatero tinkapita naye kuchipatala, n'kupatsidwa mapiritsi a matenda okhumudwa. Kenako tsiku lina ankadzuka ngati wameza moto: kuimba, kuseka, mawu kuthamanga kuposa makina akewo, tulo maola awiri basi, masuti atatu tsiku limodzi. Ine m'kope: "Wachira. Tithokoze."

Kungoti akachira chonchi nsalu za anthu zinkaona zakuda. Dalaivala wina wa basi anasiya nsalu, n'kudzalandira thalauza ya matumba asanu ndi anayi.

"Atelala, ndiikamo chiyani monsemu?"

"Maloto anu, bwana! Munthu wa matumba awiri salemera!"

Pa 30 Meyi 2011 zinafika posauzana. Anatenga nsalu zonse za makasitomala, ndi mayunifolomu a kwaya omwe, n'kuzilumikiza kukhala chitenti chimodzi, akuti aphimbe msewu wonse anthu asamapse ndi dzuwa. Mkazi wake, mlamu wanga, sanakuwe. Anangowerama, n'kuchotsa lamba wa makina, n'kuchoka naye.

"Alamu," anandiuza, "lembani m'kope mwanumo kuti kusoka kwatha lero. Makinawa ndi amene amawazunguza mutu bambowa. Akalime."

Mlongo wangayo khasu salidziwa ndi kogwira komwe. Kumulanda makina kunali kumuika m'manda akupuma.

Lachinayi pa 9 Juni tinapita atatu kuchipatala. Tinapeza dokotala watsopano, mayi wa msinkhu wa ana amene ndinkawaphunzitsa. Anafunsa funso limene palibe anali atatifunsapo.

"Kodi pali nthawi zimene bambowa amasangalala mopitirira muyeso, osagona koma osatopa?"

"Zimenezo ndi nthawi zimene amachira," ndinayankha ine, ndikutulutsa makope m'chikwama.

"Achemwali abwera ndi khoti lonse," anatero wodwalayo.

Dokotala anawerenga mwakachetechete, chala chikutsetsereka pa madeti. Kenako anavula magalasi.

"Amayi, mawu oti 'wachira' mwawalemba kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. Konseko anali asanachire. Anali akudwala mbali ina ya matenda omwewo."

Anatifotokozera kuti matendawa dzina lake ndi baipola. Ndi a mu ubongo, amakweza munthu n'kudzamutsitsa, ndipo kawirikawiri amayamba munthu akadali wachinyamata. Si ulesi, si kulodzedwa. Ife tinkamubweretsa ali pansi pokha, ali pamwamba tinkamuombera m'manja, choncho madokotala ankangoona theka la munthu. Ndipo mapiritsi odzutsa wokhumudwa, akakhala okha, nthawi zina amamuponya munthu wotere pamwamba kwambiri.

Ine amene ndinachonga ana a eni ndi cholembera chofiira moyo wanga wonse, tsikulo ndinachongedwa.

"Ziro pa teni, aphunzitsi," ananong'ona mlongo wanga.

"Ayi, madeti onse akhoza," anatero dokotala, "ndipo ndi amene atiwonetsa matendawa. Alakwitsa mawu amodzi okha."

Mlamu wanga analibe nthawi yoseka. "Nanga makina aja, adokotala?"

"Ntchito siiwadwalitsa, mayi. Mdani ndi kusagona ndi kusiya mankhwala. Akakhazikika, abwezereni."

Anamupatsa mankhwala okhazika maganizo, omwa tsiku lililonse ngakhale akupeza bwino, ndi masiku okayezetsa magazi ndi okacheza ndi mlangizi. Mlamu wanga anaikapo lamulo lakelake: lamba adzabwerera tsiku limene bambowo adzakhale atagona bwino mwezi wathunthu, n'kulowetsa okha ulusi pasingano iye akuona.

Tulo tinabwera, mawu anabwerera pa liwiro la anthu. Koma manja anayamba kunjenjemera. Pa 2 Seputembala ndinamupeza pakhonde akulimbana ndi singano, ulusi ukungovina kunja kwa bowo.

"Achemwali, mankhwalawa andibwezera mutu n'kundilanda manja. Ndisiya."

"Usiye ndi chilolezo cha yani? Vala nsapato, ukawauze eni ake."

Anang'ung'udza njira yonse, koma anapita. Dokotala anamuyeza magazi, n'kuchepetsa mlingo. Kunjenjemera kunayamba kuzirala pang'onopang'ono.

Lachiwiri pa 18 Okutobala, nthawi ya teni koloko m'mawa, tinasonkhana mushopu. Wometa anasiya munthu ndi mutu wometa theka kuti adzaonerere. Mlongo wanga ananyowetsa ulusi pamlomo. Koyamba anaphonya. Kachiwiri anaphonyanso, n'kudzudzula dzuwa. Kachitatu ulusi unalowa.

"Mayi, lamba wanga."

Mlamu wanga anatembenukira kukhoma, n'kupisa dzanja mkati mwa diresi, n'kumasula lambayo m'chiuno mwake momwe.

"Ha! Miyezi inayi ndakhala ndikusaka nyumba yonse, mpaka kudenga!"

"Munasaka ponseponse, bambo, kupatula pamene mwamuna wanzeru akanayambira."

Wometa anaseka mpaka kukhala pansi. Mlongo wanga anapita pa makina ake. Anakoleka lamba pagudumu, n'kudontheza mafuta, n'kuponda. Makina anakhosomola kawiri, kenako anayenda.

"Faifi koloko mutseke," anatero mkazi wake akutuluka. "Ikapitirira, ndidzavalanso."