Manambala Amene Bambo Kalioti Sanalembe

Bambo Kalioti Paisoni a kwa Kasisi anajambula mapulani a ngalande pa esiteti ya nzimbe kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Chimene chinawapatsa ulemu chinali manambala awo: oyera, ofanana, otalika mamilimita atatu, moti amisiri ankawawerenga padzuwa la ku Chikwawa osatsinzina.

M'chaka cha 1991 mu ofesi munafika kompyuta, ndipo bwana ananeneratu kuti woilephera aona msewu. A Kalioti mtima unagwa. Ntchito ikatha, nyumba ya kampani imene ankakhalamo ndi akazi awo a Evelesi nayonso yapita.

Makinawo anali ndi mwambo wake. Chinthu chinkajambulidwa pa kukula kwake kwenikweni, kenaka munthu n'kukuza zilembo kuti zidzawerengeke papepala. A Kalioti atayesa pa pulani ya chitseko chachitsulo chotsekera ngalande, manambala anatuluka ngati mazira a nyerere. Kufunsa anachita nako manyazi, munthu waimvi. Anasankha njira imene dzanja lawo linazolowera: anachepetsa chithunzicho ndi theka, monga ankachitira ndi rula. Manambala anaoneka aakulu, osiririka. Anasaina.

Chimodzi chokha sanachilingalire. Pathebulo lojambulira pamanja manambala ankachokera m'mutu mwawo, pomwe kompyuta imadziyezera yokha mizere n'kulemba zimene yapeza. Iwo anayang'ana kukongola kwa manambalawo, osati zimene ankanena.

Patapita masabata awiri, a Lorenso owotcherera zitsulo anawaitanitsa kumunda. Chitseko chinali gone pamtunda, madzi akukhamukira m'nzimbe zongobzalidwa kumene.

"Achimwene," anatero a Lorenso, "chitsekochi n'cha ngalande kapena cha khola la abakha?"

"Munayeza bwino koma?"

"Ine ndimayeza zimene mwalemba, akulu. Apa pali 600. Ngalandeyi ndi 1,200. Ndimayesa mwina mwakonza zoti madzi aziyamba agogoda."

Palibe anaseka. A Kalioti anagwira pepala la pulaniyo.

Ku ofesi bwana sanakalipe n'komwe.

"Analemba manambalawa ndani?"

"Makina, bwana."

"Nanga anasaina ndani?"

Mwezi usanathe, lole inawatula kwa Kasisi pamodzi ndi mipando, mphasa ndi bokosi la zolembera. Ofesi ya mapulani kumudzi kulibe. Anthu ankangowabweretsera mitanda ya kumanda kuti alembepo mayina ndi zaka, ndipo iwo ankafunsa chaka chilichonse katatu, mpaka anamfedwa kunyansidwa nawo.

Pulani ija anaisunga. Masana ena ankaitambasula pakhonde n'kuiyang'anitsitsa.

"Bambo, tayani pepalalo," ankatero a Evelesi. "Lakudyani mokwana."

"Koma taonani, mayi, mmene manambalawa akuwerengekera."

A Evelesi ankangolowa m'nyumba. A Kalioti ankatsala pomwepo, chala chili pa 600.