Masamba Amene Chiswe Chinadya

Dzulo mvula yoyamba itagwa pa Boma, fungo la fumbi lonyowa linandikumbutsa buku la amayi.

Amayi ankaphunzitsa kufupi ndi Champhira. Anali ndi buku la mlembi wina wa ku Brazil, yemwe anakulira pakati pa abusa a ng'ombe ndipo ankangolemba za kwawoko. Tikamaswa mtedza pakhonde, ankatimasulira m'Chichewa nkhani ya banja lothawa chilala pangolo ya ng'ombe ziwiri zowonda. Tsoka lake, masamba omaliza chiswe chinali chitadya, ndiye sindinkadziwa ngati anthuwo anapulumuka.

Ine Brazil ndinkayesa ndi mudzi wa kuseri kwa nkhalango ya Luwawa. Nanga minga, ngolo, chinangwa, zonsezi si zathu zomwe?

Tsiku lina kumsika ndinaona mkulu wamagalasi ndi ndevu zaimvi akugulitsa zingwe, ndendende chithunzi cha mlembi kuchikuto. Ndinagwada.

"Agogo, anthu munalemba aja anafika?"

"Anthu ati, mwana wane?"

Ndinawafotokozera zonse, mpaka nthiti za ng'ombe. Anandiyang'ana, nakanda ndevu.

"Oo, amenewo! Anafika bwinobwino, makola chomene. Mvula inagwa, mbwenu ng'ombe zonse ziwiri zinabereka."

"Koma agogo, zinali zamphongo!"

"Ndiye uone mphamvu ya mvula imeneyo."

Ndinathamanga kukawauza amayi, ndipo anaseka mpaka mtedza unatayika m'lichero.

Buku lathunthu ndinaligula nditakula, koma masamba omalizawo sindinawawerengebe. Ndiwerengerenji, poti mlembi anandiuza yekha pamaso?