Munthu Wotsala pa Nyenyezi

Achimwene, dzulo kwa aneba kuno ku Chikamveka ndinaonera kanema uja tinaonera pabwalo tili ana, wa munthu amene anzake anamusiya pa nyenyezi, chombo n'kunyamuka. Paja ine Chingelezi sindimva, munkandinong'oneza ndinu. Nditayamba kulira munanditseka m'maso, n'kunena kuti, "Iwe tonthola, abwerera kudzamutenga. Uyo wafika kwawo."

Ndakalamba nawo mawu amenewo. Ana anga akachedwa kunkhuni ku Mulunguzi, nkhungu itatseka phiri, ndinkalimba nawo mtima kuti wosochera amabwera ndithu.

Koma dzulo ndinapenya mpaka kumapeto. Sanamubwerere, achimwene. Anafera komweko yekhayekha.

Mawa chikwana chaka chimwalirireni inu, ndipo pakhomo pano palibe wondinamiza kuti mubwera.