Thumba la Helemeti Lomwe Ndinataya ku Kanengo

Matipate atangoyamba kumene, kuntchito ku Kanengo anandipatsa njinga yamoto yoperekera makalata. Akazi anga, a Nachisale, anandisokera thumba loikamo helemeti kuti isamakalike. Anadula chitenje chawo chatsopano cha maluwa ofiira, n'kuikamonso kathumba ka makiyi ndi magalasi. Anasoka pamanja masiku atatu, poti makina tinalibe.

Tsiku loyamba ndikulowa nalo pageti, mlonda anafuula: "Achimwene, mwabereka mwana wa ndani?" Madalaivala onse anafa nacho chiseko. Ine, bambo wa ndevu zanga, ndinaseka nawo, ndipo masana thumbalo ndinakaliponya m'dilamu la zinyalala kuseri kwa ofesi. Ndinalikankhiranso pansi ndi ndodo kuti lisaoneke.

Nditafika kunyumba ku Area 25, ndinayamba kudandaula ndisanavule ndi nsapato zomwe. "Amayi, akuba a m'tauni muno! Ndangoimika njinga pang'ono, thumba lapita."

A Nachisale anayang'ana helemeti ili m'khwapa mwanga, kenako anayang'ana ine. "Atenga thumba n'kusiya helemeti?"

"Eetu," ndinatero, maso ali pansi.

"Ndiye kuti alipo amene walikonda," anatero, n'kubwerera kukachapa.

Sanakalipe, sanafunsenso. Mpaka lero amasokera ana, adzukulu, ngakhale anzawo a kutchalitchi, koma batani langa likathothoka amandipatsa singano ndi ulusi, mwaulemu ndithu. Zoona zake sindinawauzebe, ndipo ndikudziwa kuti akudikira.