Pikapu ya amalume pa chitunda cha ku Chowe

Chaka chimene ndinalowa Fomu 3, bambo anaganiza zogulitsa boti lawo kuti agule galimoto. Msana unkawapweteka, ndipo ankati kunyamula nsomba za ena kuchoka kwathu ku Lungwena kupita kumsika wa ku Mangochi ndi ntchito yogwira munthu atakhala pansi. Botilo ndi limene linkatidyetsa, ndiponso linkandiphunzitsa ine. Likanapita, galimoto n'kukhala yakufa, tikanatsala manja okha.

Vuto linali lakuti wogulitsa galimotoyo anali amalume, achimwene awo a mayi. Inali pikapu yoyera yakale, imene anainyamulira chambo cha m'madzi oundana zaka zambiri.

Bambo sanali mbuli pa za galimoto. Anali atafunsafunsa kwa madalaivala a pasiteji, ndipo ankatibwerezera zonse pakhonde. Ukapite m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha imalira msanga ngakhale ikudwala. Uone utsi ngati ndi wabuluu. Usolole kachitsulo ka oyilo, akaoneka ngati tiyi wamkaka uthawe. Ugone pansi uone dzimbiri ndi podontha.

"Ndiye pitani mukagone pansipo," anatero mayi.

"Pansi pa galimoto ya alamu? Iwo ataima pomwepo? Kuli bwino ndingowauza kuti ndinu wabodza."

Zinali zoona. Kwathu amalume ndiwo mwini mbumba. Ndiwo analandira bambo pobwera kudzafunsira, ndiwonso adzakhale kutsogolo pa za ukwati wanga. Anali atanena kale kuti, "Alamu, galimotoyi ndi yabwino," ndipo mawu amenewo sayesedwa ndi tochi.

Masiku omwewo kunali sadaka yokumbukira malemu azakhali ena ku Chowe. Mayi anapita kwa amalume n'kuwapempha kuti atinyamule tonse, pamodzi ndi matumba a mpunga ndi mbuzi. "Achimwene, tipite pa galimoto yathu isanachoke m'manja mwanu," anatero. Za kuyesa sanatchule. Amalume anavomera mosangalala.

Tinafika kwawo m'mawa, injini ili yozizira. Amalume anapotoza kiyi, galimoto inangokhosomola. Anapotozanso, zii.

"Imadana ndi kudzuka m'mamawa ngati mdzukulu wangayu," anatero akundiloza.

Tinaikankha, n'kulira. Bambo anayang'ana utsi umene unatuluka kumbuyo, kenaka anayang'ana kumwamba ngati akuona za mvula.

Ine ndi mayi tinakhala kumbuyo ndi mbuzi. Pansi anayalapo mphira wakuda. Galimoto ikagunda bampu, mphirawo unkatitimira pakona, ndipo fumbi linkalowera pomwepo. Mayi anauvundukula pang'ono ndi chala cha kuphazi. Tinaona msewu ukuthamanga pansi pathu. Madzi a nsomba aja anali atadya chitsulo mwakachetechete. Mayi anabwezera mphirawo n'kukhazikapo dengu.

Pa msewu wosalala galimoto inayenda bwino ndithu, moti ndinayamba kuikonda. Ndinadziona ndikutsika pa geti ya sukulu anzanga akundiyang'ana. Koma titayamba kukwera chitunda cha ku Chowe, giya inayamba kudumpha yokha. Amalume ankaigwira ndi dzanja limodzi ngati akugwira mwana wothawa jakisoni. Kenaka kunamveka fungo la chinthu chopserera, nthunzi n'kutuluka m'boneti. Tinaima. Bambo anatsika msanga n'kuika mwala kuseri kwa tayala.

Tinakhala pamthunzi kudikira kuti izizire. Palibe amene ananena za galimoto. Bambo ankakamba za chimanga cha m'minda ya kumeneko, mayi ankamwetsa mbuzi. Amalume anakhala pambali, chipewa chili m'manja. Ndinawamvera chisoni. Ndikukhulupirira kuti sanafune kutinamiza. Anali atazolowera kukankha, kuthira madzi, kugwira giya, mpaka anasiya kuziona ngati matenda. Komanso msewu wa kunyanja ulibe chitunda choti n'kuwakumbutsa.

Kenaka amalume anadzuka, navula mkanjo wawo woyera wa ku sadaka, n'kuupereka kwa mayi. Anagona chagada pafumbi n'kulowa pansi pa galimoto. Patapita kanthawi tinamva mawu awo.

"Alamu, tabwerani kuno. Muli ndi maso abwino kuposa anga."

Bambo anazengereza, koma analowa. Tinkangoona mapazi anayi atatulukira kunja, ndi kumva mawu apansipansi. "Apa pakudontha." "Eya." "Nanga apa, tagogodani." Dzimbiri linayoyokera pankhope zawo, onse awiri n'kuyamba kulavula ndi kuseka.

Atatuluka, amalume anadzisansa nati, "Boti lija musagulitse. Galimotoyi sindikupatsani. Mlongo wanga ndi mwanayu asadzagone ndi njala chifukwa cha chitsulo changa."

"Inu alamu, ikadali ndi moyo iyi," anatero bambo.

"Moyo wake ndi wa ine ndekha, amene ndimadziwa pogwira."

Ku sadaka tinafika anthu atayamba kale kudya, ndipo mbuzi yathu inapulumuka tsiku limenelo. Boti lilipobe. Bambo anapeza munthu wopita nalo panyanja, iwo amangolandira nsomba pagombe. Amanenabe kuti tsiku lina adzagula galimoto, ndipo amalume analonjeza kuti adzapita nawo kukagona pansi pake.