Kaduwa ka Chisoso M'tsitsi

Njere za chisoso zikandimata pa chitenje, ndimakumbukira aphunzitsi athu a Sitandade 3, kusukulu ya kumudzi kuseri kwa Jenda. Anali bambo wochokera kuchigawo chapakati, wosamva Chitumbuka.

Tsiku lina anandiloza ndi choko. "Iwe, seveni taimusi eyiti?"

Dzulo lake yankho ndinkalidziwa. Ndinayankha m'chiyankhulo cha kwathu kuti, "Naluwa, asambizgi," kutanthauza kuti ndaiwala, aphunzitsi.

"Naluwa? Ndiye kuti ndiwe duwa eti?"

Anatuluka panja, nakathyola kaduwa ka chisoso, n'kundisomeka m'tsitsi. Kalasi yonse inaseka. Ine ndinkayesa mphotho. Ndinayenda nako mpaka kunyumba, nditaumitsa khosi kuti kasagwe. Amama atamva nkhaniyo anakazula n'kukaponda. Chaka chonse bamboyo ankanditchula Naluwa, ndipo sindinakwezenso mkono m'kalasi.

Lero ndimaphunzitsa aphunzitsi ku Mzimba Boma. Ofufuza za maganizo a munthu amati kuiwala si uchitsiru. Mwana akavutikira kukumbukira chinthu chimene chayamba kumuthawa, m'pamene chimakhazikika m'mutu, bola mphunzitsi amudikire pang'ono. Gulu lililonse latsopano ndimalifotokozera za bambo uja, ndimayerekeza ndi kayendedwe kake komwe, osasiya fungo la fodya la jekete lake. Ena amamuzindikira, poti adakali moyo.

Ofufuza omwewo amati chinthu chobwerezabwereza sichiiwalika. Ndiye ndidzamubwereza mpaka Mzimba yense amuloweze pamtima ngati seveni taimusi eyiti.