Nsomba zosungitsa kwa a Muhiwa

Lachiwiri lapitali magetsi anazima mutu wanga utametedwa mbali imodzi. Ndinali pampando wa a Muhiwa, ometa tsitsi pa Migowi, amene akhala akundimeta kuyambira imvi zanga zili zowerengeka. Ndinkayesa atenga sizasi kuti amalizitse. Iwo anangoika makina pansi n'kuthamangira kuseri kukakoleza mbaula.

"Pepani akulu, ayambe ndi odwala," anatero.

Odwalawo ndi nsomba. Pakona pa shopu yawo pali thanki yagalasi momwe mukusambira tinsomba tofiira ndi tachikasu, tosakwana n'komwe ndiwo za mwana. Si tawo ayi. Mwini wake ndi namwino wina wa ku Rumphi amene amagwira ntchito kuno, koma wapita kukawonjezera maphunziro. Pochoka anasungitsa thankiyo kwa a Muhiwa, mnansi wake, poti ndiwo ankakonda kuima pakhomo pake n'kumationerera ngati mpira.

Ndiye masiku apitawa tinsombato tinatuluka timadontho toyera, ngati wina watiwaza mchere. Tinayamba kudzikhula pamiyala ya pansi, zipsepse zitafota, chakudya osachiyang'ana. Kamodzi kanapezeka katayandama chagada.

Mukudziwa mmene timachitira ife pa matenda. Aliyense wobwera kudzameta anasanduka dokotala. Wina anati atsanuliremo kapisozi, monga amachitira ndi nkhuku zake zikagwa chitopa. Wina anati angotikazinga tisanaonongeke. Wochenjera kuposa onse anali wakabaza wina: "Tisiyeni tife, mukagule tofanana nato ku Limbe. Nsomba ili ndi nkhope ngati?"

A Muhiwa anandifotokozera yankho lawo akuthira madzi ofunda m'mabotolo. "Kwathu kuno mbuzi yosungitsa ikafa, umasunga chikopa kuti mwini wake adzaone. Sugula ina n'kumunamiza. Mayi uja anandikhulupirira."

Tsiku lomwelo anamuimbira foni namwinoyo n'kumuuza zoona, kuti kamodzi kafa ndipo tinato tili pangozi. Kenaka anapalasa njinga kukafunsa alangizi a za nsomba. Kumeneko anamva kuti madonthowo ndi tizilombo tobisala m'khungu, ndipo tikakhala m'menemo mankhwala satifika. Tikakhwima timagwera pansi, n'kuswana m'miyala, n'kubweranso tochuluka kudzafuna nsomba. Mpata wotipha ndi umenewo, tili m'madzi. Madzi ofunda amatifulumizitsa kutuluka, n'chifukwa chake magetsi akazima, kachipangizo kotenthetsera madzi kakaima, a Muhiwa amayandamitsa mabotolo ofunda m'thankimo. Amathiramo mchere wa mibulu pang'ono, komanso mankhwala abuluu amene kondakitala wa minibasi anawabweretsera kuchokera ku Blantyre. Zinyalala za pansi amazikoka ndi kapaipi, n'kuthiramo madzi atsopano.

Ndinasuzumira, mutu uli ngati munda wolima theka. Dontho ndi limodzi lomwe sindinalione. Tinsomba tinkathamangitsana bwinobwino.

"Koma tachira iti," ndinatero. "Mukuvutikiranji?"

"Tikuoneka tochira. Mdani akadali m'miyalamo. Alangizi anati ndisasiye mpaka masiku amene anandiuza akwane."

Ndikanakhala ndi chipewa ndikanawavulira, ngakhale mutuwo unali wochititsa manyazi. Ndinawasirira bambo amenewa, kunena zoona.

Ndi angati mwa ife amene amamaliza mankhwala a malungo? Thupi likangozizira, mapiritsi otsala amakwera pamwamba pa kabati kukadikira mlamu akadzadwala. Wa chifuwa chachikulu akangosiya kutsokomola, kuchipatala samuonanso, mpaka adzabwere atamunyamula pa njinga. Timachiza chimene maso akuona basi. Ndipotu limenelo ndi thupi lathu lomwe, osati la wina.

Nanga za eni ake? Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma tamusungitsani munthu njinga yanu muone. Mudzaipeza tcheni chadzimbiri, belu kulibe, ndipo nkhani yake idzakhala yakuti munaisiya ili choncho. Pano pali munthu akuotcha makala ake, akusiya kasitomala ali ndi theka la tsitsi, chifukwa cha tinsomba timene sadzadya, sadzagulitsa, ndipo tinsombato sitidzamuthokoza.

Magetsi atabwera anandimalizitsa, bwino kwambiri monga mwa nthawi zonse. Ndikudzikutumula tsitsi pamapewa, ndinawafunsa mocheza ngati kakufa kaja anakaika m'manda.

Sanaseke. Anatsegula dirowa, pakati pa malezala ndi zipeso, n'kutulutsa bokosi la machesi. M'katimo munali kansomba kouma, kothira mchere, kofiira kake katazilala.

"Chikopa chake n'chimenechi," anatero. "Mayi uja akabwera adzawerenge yekha, amoyo uko, wakufa uyu."

Ndiye ndikufunseni inu amene mukuwerenga: chija anakusungitsani mnzanu, atagogoda pakhomo lero, mumuonetsa chiyani?